Phazi la Presley, Dzanja la Noemi

"Waiona?"

"Sindinaione, ndipo sindikufuna kuiona."

"Bodza limenelo. Maso akowo akuchita kunena okha kuti waibwereza mpaka foni kutentha. Aikamonso kanyimbo, mwana, kaja ka m'makatuni munthu akamagwera kuphompho."

"Shanice, chotsa foni yakoyo pamphuno panga."

Shanice sanaichotse. Anali pa benchi ya m'chipinda chovalira, nsapato imodzi kuphazi, inayo m'manja, ndipo Noemi Garza, amene ankakulunga tepi yoyera pa mfundo ya dzanja lake lamanzere, anangopezeka akuonereranso vidiyo ija. Inali ya mpikisano wa ochemerera, aja ovina ndi kunyamulana m'mwamba, wa Loweruka lapitalo ku Fort Worth. Pansi panali onyamula atatu: Noemi atagwira chidendene, Delaney atagwira pakati pa phazi, Shanice kumbuyo atagwira kakolo. Pamwamba pa mitu yawo, Presley Whitlock anali ataima ndi mwendo umodzi, winawo ataukokera mpaka kukhutu, akumwetulira oweruza. Kenako phazi linapendekeka. Presley anatsika chammbali n'kumenyetsa chiuno pa kapeti yabuluu, kumwetulira kudakali pankhope, poti wouluka, wonyamulidwa pamwambayo, amaphunzitsidwa kumwetulira mpaka nyimbo itatha.

Amene anaika vidiyoyo anali a tsamba la pa intaneti lotchedwa Tamva Kale. Mwini wake sankadziwika. Ena ankati ndi mayi wina wa ku Oklahoma amene mwana wake anakanidwa m'timu, ena ankati ndi kochi wochotsedwa ntchito, ena ankati ndi atsikana atatu obwerekana foni imodzi. Wochemerera aliyense m'Texas monse ankalumbira kuti tsambalo salitsatira, ndipo aliyense ankadziwa zimene laika chakudya chisanazizire m'mbale. Pansi pa vidiyo ya Presley analembapo mzere umodzi wokha wonena timu yawo: "Wina awauze anzathu a ku Mesquite kuti mbalame yawo yanenepa."

"Tamvera iyi," anatero Shanice. "'Ndikupempherera misana ya atsikana apansiwo.' Wolembayo ndi mayi wamkulu, mwana, pachithunzi pake ali ndi zidzukulu, ndiye pansi pa dzina wayikapo vesi. Iyinso: 'Chaka chatha kanali kamwana, pano ndi ntchembere, timutsitse.' Anthu oipa awa."

"Ndiye ukuwerengeranji?"

"Kuti ndidziwe kuipa kwawo."

Chitseko chinatseguka, Shanice n'kulowetsa foni m'nsapato imene inali m'manja ija. Presley analowa ndi botolo la madzi. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo n'zoona kuti chaka chimenechi anali atatalika, thupi n'kuyamba kudzaza ngati la mtsikana wina aliyense. Anawapatsa moni, akumwetulira monga muja anachitira pogwa.

"Ndakusungira theka la sangweji," anatero Noemi.

"Ndadya kale."

"Wadya chiyani?"

"Ndadya kale, Noemi."

Noemi anamaliza kukulunga tepi n'kuidula ndi mano. Onyamula onse amamanga tepi, ovulala ndi osavulala omwe, choncho tepi siuza munthu kanthu. Dzanja lake linayamba kupweteka mu Novembala, ngati wina wakhomera msomali pakati pa mafupa. Loweruka lija, Presley atangokweza mwendo, msomaliwo unalowa mpaka pansi, dzanja n'kupindika lokha. Anthu zikwizikwi anali ataonera vidiyoyo, ena mochedwetsa, ena mobwerezabwereza, koma aliyense ankayang'ana m'mwamba. Wonyamula alibe nkhope. Amaoneka pankhongo pokha ndi riboni ya m'tsitsi.

Akanauza Kochi, akanamutumiza kwa dokotala, dokotala akanamuika pulasitala, ndipo mpikisano waukulu wa ku Dallas mu Febuluwale akanauonera pa mpando. Chinali chaka chake chomaliza. Ku Dallas n'kumene makochi a m'makoleji amabwera kudzasankha atsikana.

Madzulo amenewo Kochi Roderick analowa m'holo atagwira paphewa kamtsikana ka m'timu ya ana, kowonda ngati ndodo ya tsache.

"Uyu ndi Tinsley," anatero. "Tingoyesa chabe. Presley, puma kaye pamenepo. Faifi, sikisi, seveni, eyiti!"

Kamwanako kanakwera ngati pepala. Dzanja la Noemi silinamve n'komwe kuti lanyamula munthu, ndipo zimenezi zinamupweteka kuposa msomali uja. Presley anaima kukhoma, botolo la madzi m'manja, akuwerengera nawo ndi milomo.

Atamaliza, Kochi anawakumbutsa lamulo limene onse ankalidziwa. "Tsamba lija kulibe. Mwamva? Ine sindiliwerenga, inunso simuliwerenga. Woyankhapo, wotumizako uthenga, kaya ndi iwe, kaya mayi ako, kaya galu wakwanu, chitseko ndi icho. Timu yanga sikangana ndi mizukwa."

"Inde, Kochi!"

Lamlungu masana, Noemi anatsala m'galimoto kunja kwa sitolo mayi ake akugula zakudya za mlungu wonse. Nkhaniyi anaitembenuza m'mutu monga ankachitira ndi samu ku sukulu. Kuuza Kochi kukanapulumutsa Presley n'kumiza iye. Kukhala chete kukanapulumutsa iye n'kumiza Presley. Koma amene ankazunza Presley si Kochi. Anali anthu a pa tsamba lija, ndipo Kochi anali atanena yekha, pamaso pa onse, kuti tsambalo saliwerenga. Ndiye choonadi chikapita kwa anthu a patsamba okha, osadutsa kwa Kochi? Yankho linaoneka laukhondo kwambiri moti anadabwa kuti sanaliganize msanga.

Anatsegula akaunti yatsopano yopanda dzina, yopanda chithunzi. Tamva Kale ankalandira mauthenga a anthu obisala tsiku ndi tsiku, n'chimene chinkalidyetsa. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso:

"Vuto silinali wouluka. Yang'anani dzanja lamanzere la amene wagwira chidendene. Ndi lovulala kuyambira kale, ndipo linapindika. Mtsikanayo sanalakwe chilichonse. Chonde musiyeni."

Anatumiza. Mayi ake atafika ndi ngolo ya katundu anam'peza akuimba nawo nyimbo ya pa wailesi.

Dzuwa lisanalowe, foni inanjenjemera. Anali Shanice: "MWANA. TSEGULA. PANOPA."

A Tamva Kale anali atachita zimene anapemphedwa. Anayang'ana dzanjalo. Analikuza mpaka kudzaza foni yonse, n'kulizunguliza ndi mzere wofiira, n'kulionetsa likupindika pang'onopang'ono, kubwerera, kupindikanso. Uthenga wa Noemi anauika pambali, wonse, osachotsapo ngakhale liwu limodzi. Pamwamba analembapo: "Wam'kati watiuza: mbalame ija yathyola dzanja la mnzake. Ndiye taonani amene akufuna kukankhira mlandu kwa wovulalayo."

Ndemanga zinkabwera mofulumira kuposa mmene chala chikanathera kuzitsitsa. "Wamulemera mpaka fupa kugonja." "Walemba yekha ameneyu, manyazi alibe." "Si iye, ndi mayi ake, ndimawadziwa, amakhala kutsogolo ndi belu la ng'ombe." "Wonyamulayo dzina lake ndani? Tim'tumizire maluwa."

Noemi anakhala pa bedi. Anafufuta akaunti ija msangamsanga, ngati munthu woponya lumo m'chimbudzi, n'kukhala akuyang'ana khoma mpaka mayi ake anamuitana kukadya.

Lolemba kunalibe nyimbo m'holo. Kochi Roderick anawakhazika onse pa kapeti. Kuseri kwa galasi lalikulu, m'chipinda chimene makolo amaonereramo, amayi anali atadzaza kuposa masiku onse, ndipo pakati pawo panali mpata waukulu mbali zonse za mpando wa Mayi Whitlock. Mayi a Presley ankadziwika. Chaka china anatsatira woweruza mpaka pa galimoto yake kukam'funsa ngati magalasi ake anawaiwala kunyumba.

"Ine tsamba limene lija sindiliwerenga," anayamba Kochi, foni ili m'manja, tsambalo lili chitsegukire. "Koma anthu anditumizira. Noemi, bwera kuno. Masula tepiyo."

Noemi anamasula. Mfundo inali yotupa, yofiirira cha m'mbali. Atsikana anapumira m'mwamba. Kochi anaigwira ndi zala ziwiri, Noemi n'kulumpha.

"Za kubisa izi tikambirana ine ndi iwe. Panopa tiyeni tiganize limodzi, poti ena mumati makochi sitinapite ku sukulu. Dzanja ili linali mu tepi ngati la wina aliyense. Ine amene ndimaima pafupi tsiku lililonse sindinaone kanthu. Oweruza sanaone. Ndiye ndani akanadziwa? Shanice, iwe umayang'ana kuti mukanyamula?"

"Kumsana kwa Presley, Kochi."

"Delaney?"

"M'mwamba, Kochi."

"M'mwamba. Ndiye atsala awiri. Mwini dzanja, ndi amene amaponda dzanjalo." Anaima pang'ono kuti samuyo ilowe. "Ndipo chiyambire ntchito imeneyi sindinaonepo mwana akudzitengera yekha kwa agalu aja kuti am'lume. Presley, unalemba ndiwe kapena mayi ako?"

"Sitinalembe, Kochi."

"Za dzanjali unkadziwa?"

Presley anayang'ana kapeti. Khosi lake linafiira mpaka m'makutu.

"Ndayankhidwa," anatero Kochi.

"Ndinalemba ndine."

Mawuwo anatuluka aang'ono, moti Noemi anachita kuwabwereza. "Kochi, ndine. Ndinatumiza uthengawo Lamlungu, ndili m'galimoto. Presley sakudziwapo kanthu."

Atsikana onse anatembenukira kwa iye. Kochi anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Tione foniyo."

"Akauntiyo ndinafufuta."

"Unafufuta."

"Ndinachita mantha, Kochi. Koma ndingathe kunena mawu onse amene ndinalemba."

"Mwana wanga, Texas yense angathe kunena mawu amenewo." Kochi anapukusa mutu, ndipo Noemi anaona chinthu chimene sanayembekezere: maso a bamboyo anali atanyowa. Anatembenukira kwa atsikana aja. "Muone bwinobwino, inu nonse. Ndakhala ndikukuuzani chiyani kuyambira muli tiana? Wouluka akamagwa, wonyamula amaponya thupi lake pansi. Mphuno ithyoke, dzino lichoke, koma mnzako asakhudze kapeti. Ena mumangoti inde Kochi, inde Kochi. Uyu anamva. Dzanja latupa, am'neneza pamaso pa dziko lonse, koma taonani, wathamangirabe pansi kuti amuwakhe."

"Sindikuwakha munthu, Kochi, ndikunena zoona!"

"Ndikudziwa, ndikudziwa. Khala pansi. Presley yekhayu sungamuwakhe, lamulo ndi lamulo."

Wina anayamba kuwomba m'manja, ena n'kutsatira. Delaney ankalira. Shanice anam'kumbatira Noemi cha kumbuyo, mwamphamvu monga amagwirira kakolo, n'kumunong'oneza kuti, "Ndiwe wopusa, mwana, koma ndimakukonda." Noemi anayesa kudzimasula, anayesa kukuwa, koma mawu ake anamira m'manja aja. Pakati pa mapewa a anzake anaona Presley akunyamuka yekha, kutola botolo lake, kudutsa kapeti yonse osathamanga. Kuseri kwa galasi Mayi Whitlock ankamenya ndi chikhatho, pakamwa pali yasa, koma galasilo anachita kulisankha lokhuthala kuti makolo asamveke.

Pobwerera kunyumba, Noemi anauza mayi ake zonse, kuyambira m'galimoto kunja kwa sitolo. Mayi Garza anayendetsa galimoto mpaka pa maloboti. Pamenepo anatembenuka n'kumuyang'ana mwana wawo m'maso, ndipo Noemi anaona kuti akhulupirira. Mtima unatsika pang'ono.

"Kochi wati chiyani za malo ako?" anafunsa mayiwo.

"Ati andisungira. Ndikachira msanga ndipita nawo ku Dallas."

"Ndiye wanena kamodzi, wakwanitsa. Usadzanenenso."

"Amayi!"

"Noemi, ndakuyendetsa msewu uno kuyambira usanathe kumanga nsapato. Wanena zoona, akana okha. Ukufuna uchite kuwagwira pakhosi?"

Magetsi anasintha, galimoto ya kumbuyo n'kuliza hutala.

Dokotala anapeza kafupa kosweka, n'kumuika pulasitala. Atsikana onse a m'timu anasainapo, ena n'kujambulapo timitima. Nkhani ya zimene zinachitika m'holo inafika pa Tamva Kale tsiku lomwelo, ngakhale mafoni onse anali m'zikwama ndipo palibe amene amatsatira tsambalo. Tsopano Noemi anali ndi nkhope. A tsambalo anapeza chithunzi chake cha ku sukulu n'kuchiika pambali pa cha Presley. "Pezani mnzanu ngati Noemi," analemba choncho. "Ndipo Mulungu akutetezeni kwa mnzanu ngati winayu."

Noemi anawalemberanso, ulendo uno ndi dzina lake lenileni ndi nkhope yake. Anafotokoza zonse mwadongosolo, chinayamba ichi, kenako ichi. A Tamva Kale anaika uthengawo wonse, osachotsapo liwu, pamwamba n'kulembapo: "Mpaka pano akumuikirabe kumbuyo. Ife talira." Anthu osawadziwa a ku Florida ndi ku Kentucky anam'tumizira timitima. Kochi wa koleji ina anam'lembera kuti atsikana a mtima wotere ndi amene amawafuna. Kochi Roderick, amene tsambalo saliwerenga, sanatchulepo za lamulo lake lija.

Loweruka m'mawa Noemi anakwera njinga, chiwongolero m'dzanja limodzi, mpaka kwa a Whitlock. Anam'peza Presley panja, ataima kumbuyo kwa galimoto ya mayi ake, akupala ndi kampeni chomata cha timu chimene chinali pa galasi. Dzina la timu linali litachoka kale. Panatsala chithunzi cha mtsikana woima ndi mwendo umodzi ndi zilembo zingapo za dzina lake.

"Mayi anga akakuona akuthira madzi a m'paipi," anatero Presley osatembenuka.

"Andithire. Presley, ndinalemba ndine. Sindikunama, sindikuwakha munthu. Ndine."

"Ndikudziwa."

Noemi anatsala pang'ono kugwa ndi njinga. Mlungu wonse anali atafunafuna munthu woti anene mawu amenewo, ndipo atawamva sanam'pepukitse konse.

"Ukudziwa bwanji?"

"Mu uthengawo munali 'chonde'. Mayi anga chibadwire sanauzepo munthu chonde." Anapala mwendo wa mtsikana wa pagalasiyo, n'kupukuta kampeni pa kabudula. "Ndipo ine sindinalembe. Samu ya Kochi ija inali yolondola, anangolakwitsa pomaliza."

"Ndiye tipite limodzi, ukanene."

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti woyera mtima uja ndi amene analemba? Taganiza mmene angazilembere zimenezo." Anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Mayi anga aimbira matimu anayi. Onse akuti malo adzaza. Ina ndi ya ana oyamba kumene, amalandira aliyense wobwera ndi nsapato, koma nayonso yadzaza."

Noemi anayang'ana pulasitala yake ndi timitima take. Anaibisa kumbuyo.

"Kochi atakufunsa ngati unkadziwa za dzanja, bwanji sunangokana?"

"Chifukwa ndinkadziwa." Tsopano Presley anatembenuka. Sankamwetulira, ndipo Noemi anazindikira kuti nkhope imeneyi sankaidziwa bwino. "Iwe umaganiza kuti phazi silimva? Ndakhala ndikuponda dzanja limenelo zaka zitatu. Linayamba kunjenjemera mu Novembala. Ndinkasamutsira thupi kutsogolo, kwa Delaney, kuti chidendene chipepuke. Tsiku lililonse, ulendo uliwonse. Ku Fort Worth ndinachedwa pang'ono, basi."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ukanatani? Ukanachita manyazi, n'kukadziulula kwa Kochi, Dallas n'kukupita. Ndi chaka chako chomaliza, chitsiru iwe. Ine ndikadali ndi zaka zina."

"Koma amakunyoza, Presley. Unasiya kudya. Kochi anabweretsa Tinsley."

"Tinsley satha kupotoloka m'mwamba, Kochi amangondiopseza. Ndipo aja akanandinena mlungu umodzi, iwiri, kenako wina akanagwa ku Houston, kapena siketi ya wina ikanang'ambika, n'kundiiwala. Amaiwala nthawi zonse. Wonenepa amamuiwala. Ndimangodikira, Noemi. Zimapweteka, koma ndimadikira." Anabaya kampeni pa chomata chija. "Wopereka mnzake samuiwala."

"Ndinkafuna kukuthandiza."

"Ndikudziwa."

"Ndinaganiza kuti akangoona dzanjalo..."

"Analiona."

M'nyumba munamveka mawu a Mayi Whitlock akukalipira wina pa foni. Galu wa nyumba yoyandikana anauwa kawiri n'kusiya. M'thumba la Noemi foni inanjenjemera, kenako inanjenjemeranso, anthu achilendo akupitiriza kum'konda.

Presley anayang'ana thumbalo, n'kuyang'ana mnzakeyo.

"Ine ndinatseka pakamwa miyezi yonseyi chifukwa cha iwe," anatero. "Anakutuma ndani, Noemi?"